Sitovu ya Mayi a Yosefe

Ndinatsimikiza zochoka m'chaka chimene mathirakitala anayamba kuzula mitengo kutsidya kwa Lingadzi. Likulu linali kusamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo ine, mwana wa sukulu ya mishoni wodziwako masamu, ndinkajambula mapu mu ofesi ina ku Area 3. Injiniya amene ndinkamugwirira ntchito atapeza malo ku Lusaka, anandipempha kuti tipitire limodzi. Ntchito yake inali yowerengera zam'tsogolo: mizinda ya maiko athu ano idzafuna magetsi ochuluka motani ana athu akadzakula, ndiponso Shire akadzaphwa, mitsinje ya Kafue ndi Zambezi idzatipulumutsa bwanji.

Akazi anga, mayi a Yosefe, sanandiletse. Tinkakhala kwawo, m'mbali mwa Lingadzi momwemo, ine ndili mkamwini.

"Nanga mudzabwera liti?" anandifunsa.

Ndinayala mapu pamphasa, n'kuwalozera mzere wofiira wodutsa pamudzi pathu penipeni. "Waya uyu akadzafika pano, inenso ndidzakhala nditafika."

"Ndiye mukamuuze afulumire," anatero akuseka.

Ku Lusaka masana tinkaboola makadi n'kuwapereka kwa kompyuta yaikulu ngati nkhokwe. Tinkaifunsa za chilala, za mtengo wa malasha, za mafakitale amene anali asanamangidwe n'komwe, iyo n'kumatiyankha pa mapepala aataliatali. Ntchitoyo ndinaikonda, sindingabise. Koma poweruka ndinkadya ndekha m'kachipinda ka lendi, ndipo Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi panalibe wondifunsa za kumudzi. Ndalama ndinkatumiza mosaphonya, n'kumadzinamiza kuti kutumiza ndiko kukhalapo.

Malipiro atakwera ndinagula sitovu yamagetsi, yoyera mbuu, yauvuni wake, n'kuwapatsira alamu anga a Lufeyo, amene ankayendetsa lole pakati pa Lusaka ndi Lilongwe. Ulendo wina anabwera nkhope ili yakugwa.

"Alamu, mlongo wanga akuti mubwere. Kwafika anthu oyeza malo, akhoma zikhomo mpaka kudimba."

Ine ndinaomba m'manja. "Amenewo ndi a mapolo a magetsi! Mukawauze asatekeseke."

"Alamu, polo wa magetsi amamuzika pakati pa khola?"

Sindinawamvere. Akulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Uthenga wotsatira unali wakuti mudzi wonse ausamutsira kutali, malowo pamangidwa nyumba za akuluakulu a m'boma ndi akazembe. Ndinati ndipita ntchito ikaphwerako. Kenaka manyazi anandimanga miyendo, zaka n'kumapita.

Pamene ndinabwerera, imvi zitayamba, ndinatsika basi ku Old Town, koma miyendo inanditengera kaye kumudzi wakale. Ndinapeza mipanda ya njerwa, kapinga wothiriridwa, ndi nyali zoyaka pa mageti dzuwa likuswa mtengo. Mango wa apongozi anga ndinamuzindikira, ali m'kati mwa mpanda wa eni. Polo anali chilili pomwe paja ndinaloza ndi chala. Masamu athu sanaphonye ngakhale phazi limodzi.

"Madala, mukufuna ndani?" anafunsa mlonda wapageti. "Abwana kulibe."

Ndinatembenuka n'kuchokapo.

Kumalo atsopanowo ndinapeza mayi a Yosefe akusonkhezera moto wa zitsononkho, pakuti nkhuni kumeneko n'zosowa. Anandilonjera mwaulemu wonse, monga alonjerera mlendo wa mpingo. M'nyumba, pakona, panali sitovu ija, yofundidwa nsalu yoluka, mu uvuni muli mbale za alendo. Inalibe ndi dzimbiri lomwe.

"Munaisunga," ndinatero.

"Lole yosamutsa inali imodzi, malo ochepa. Ndinasiya mtondo wa amayi kuti iyo ikwere. Anthu anandiseka, bambo a Yosefe. Ankati ndidzaphikira mphezi."



"Ndadzera kwathu kuja," ndinatero. "Waya uja anafika."

Anapukuta manja pachitenje.

"Ndikudziwa. Nditamva kuti azika polo, ndinavala bwino, ndinamutenga Yosefe, tinayenda wapansi mpaka kumeneko. Ndinkati mwina mwafika naye monga munanenera. Tinakhala pansi pa poloyo mpaka mlonda anatipitikitsa."

Pamudzi pathu pano magetsi sanafikebe. Sitovu amaipukuta Loweruka lililonse, ndipo sindinalimbepo mtima kuwafunsa chifukwa chake.