Makina a Khadi m'Sitolo ya a Elifala

A Elifala anabadwira ku Nachisaka, ndipo analima fodya mpaka msana unawakana. Atagulitsa ngolo ndi ng'ombe zawo, anatsegula kasitolo ka mbewu ndi feteleza pa Mponela, kuseri kwa msika. Sanali munthu wolongolola, koma alimi a kwawo ankagula kwa iwo chifukwa ankawadziwa kuyambira ali ana.

Alimi a fodya atayamba kulandirira ndalama ku banki, a Elifala anatenga makina olipirira ndi khadi. Okalamba ambiri sankaona bwino timabatani take. Ankangopereka khadi n'kutchula nambala yachinsinsi mokweza, a Elifala n'kuwadinira. Ena ankachita kusiya khadi m'sitolomo kuopa kulitaya.

Tsiku lina a Esitere, mayi wa ku banki woyendera masitolo, anaziona zimenezi ndi maso awo.

"Bambo, malamulo a makadi salola," anatero. "Nambala azidina mwini wake, inu muziyang'ana kumbali. Khadi la munthu lisagone muno. Tikadzapezanso zotere, makinawa tidzatenga."

"Awa ndi abale anga, mayi. Sindinawaberepo."

"Sindikukana. Koma akazolowera kutchula kwa inu, mawa adzatchula kwa wakuba."

A Elifala anaona kuti mayiyo akunena zoona, ndipo anabweza makadi onse kwa eni ake.

Mvula yoyamba itagwa, kunabwera a Gideoni, mnzawo wa ku Nachisaka amene ankaimba naye kwaya ku parishi. Manja awo ankanjenjemera chidwalireni chaka chathacho. Anasankha thumba la feteleza n'kuika khadi patebulo.

"Dinani, achimwene. Nambala mukuidziwa."

"Masiku ano sizikuloledwa. Dinani nokha, pang'onopang'ono."

A Gideoni anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadina, chala chikuterereka, a Elifala atatembenukira kukhoma. Analakwitsa mobwerezabwereza mpaka khadi linatsekedwa. A Elifala anawauza kuti angonyamula thumbalo.

"Sindinabwere kudzapempha," anayankha a Gideoni, n'kutuluka.

Kutsegulitsa khadi kunafuna chitupa, ndipo cha a Gideoni chinali chitatayika. Pamene ankathana nazo, chimanga chawo chinali chitafiira kale m'munda posowa feteleza. Ku Nachisaka kunamveka kuti a Elifala ayamba matama, akunyansidwa ndi osauka. Okalamba anasamukira ku sitolo ina kumene ankawadinirabe. A Esitere atabweranso anapeza zonse zili m'malo mwake, ndipo anawayamikira. A Elifala anangogwedeza mutu.

Anapitako kawiri konse kukawaona a Gideoni, koma ankauzidwa kuti agona. A Gideoni anamwalira anthu akukolola. Pamaliro a Elifala anakhala kumapeto, pansi pa mtengo wa mango, ndipo kwaya itayamba nyimbo sanathe kutsegula pakamwa. Palibe anawapempha kuti ayankhule. Anakwera minibasi yobwerera ku Mponela anthu asanabalalike.