Mluzu wa a Tobias Kuseri kwa Nthochi

A Tobias Nampinga anaphikira mzungu ku Zomba zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo kunyumba kwa Malemia ankangofikako ngati mlendo, kamodzi pamwezi. M'chaka cha 1967 mzunguyo analongedza katundu kubwerera kwawo. Anthu ankati a Tobias abwera ndi njinga, kapena wailesi. Ayi ndithu! Anatsika basi pa Songani atanyamula sutikesi ndi kadengu, m'kadengumo muli kamwana ka galu ka makutu ogwa. Dzina lake Bisiketi.

"Ameneyu sagona panja, mayi a Iness," anauza akazi awo, a Enifa. "Ndi galu wa m'nyumba. Adona, akazi a bwana, anatero."

A Enifa anayang'ana galuyo, n'kuyang'ana pansi pa nyumba. Mudziwo unali wa kwawo, a Tobias anali mkamwini chabe, ndipo pansi pa nyumbayo ndiye panali ulemu wonse wa a Enifa. Ankazira ndi dothi lakuda la kudambo, n'kupakhula ndi kamwala kosalala mpaka kuwala mbee. Kutacha anapeza tizithaphwi titatu, kenanso kamulu pafupi ndi mtsuko. Abale, mkodzo wa galu pa dothi lozira suuma mwaulemu, umakumba kadzenje.

"Bambo a Iness," anatero a Enifa modekha, kudekha koopsa kuja. "Lachinayi la sabata yamawa amayi a Mvano adzapemphera m'nyumba muno. Ndikadzaona dontho ngakhale limodzi, galu adzatuluka. Eni ake adzamutsatira ndi sutikesi yawo. Ndakhala ndekha zaka zonsezi, sindinafe."

A Tobias anayesa kuseka, koma kuseka kunakanika. Anaona kuti mayiwo sakunena zocheza, ndipo anachita mantha enieni. Ntchito yatha, ana anakula iwo kulibe, akachoka pano apita kuti? Kutaya galu nakonso sakanatha, poti ndi chokhacho chimene anatuluka nacho m'khitchini muja.

Anayamba ndi nzeru ya nyuzipepala, monga ankachitira adona. Anayenda mpaka pa Songani kukapempha zakale zokulungira mchere, n'kudzaziyala pakona. Bisiketi anadya tsamba limodzi, lina anang'amba, n'kukachita zakezo pambali penipeni pa pepala. A Enifa anangoloza ndi mlomo.

Ndiye anakumbukira njira ina ya adona: galu akangodya kapena kudzuka, mutulutseni, malo omwewo, chizindikiro chomwecho. Malo anasankha kuseri kwa nthochi. Chizindikiro anasankha mluzu, ndipo popeza nyimbo imene ankaidziwa bwino inali imodzi yokha, ya kutchalitchi, ankaimba imeneyo. Kasanu pa tsiku munthu wamkulu, wa imvi zake, atavala jekete yoyera ya ukuki, ankaima njo panthochi, milomo atasongola, kudikira galu.

Mudzi wonse unamva. A Henderson, alamu awo, ankachita kuimitsa njinga pamsewu.

"Alamu! Kodi bwana amaliza? Mukatha muwapatse madzi osamba m'manja!"

A Tobias ankangoti mluzu pyoo, osacheuka. Ndipo zinayamba kugwira, inu! Pofika Lolemba, mzere woyamba wa nyimbo ukangomveka, Bisiketi ankazungulira kawiri n'kunyonyomala. Pansi pa a Enifa panakhala pouma masiku atatu athunthu.

Lachinayi amayi anafika ndi mabulauzi awo oyera, n'kukhala pamikeka mwadongosolo. A Tobias anakhala pakhonde, mtima uli m'malo, poti galu anali atagona kuseri kwa chitseko. Pemphero linatha bwino. Kenaka mtsogoleri anakonza pakhosi n'kuyambitsa nyimbo. Mayo ine! Inali yomwe ija.

Mzere woyamba usanathe, a Tobias anali atalumpha kale miyendo ya amayi anayi. Anapeza Bisiketi ali pakati pa bwalo la amayiwo, akumaliza kuzungulira kachiwiri. Anamutola ngati nkhuku, n'kumufungata pachifuwa, jekete atamukulunga nayo, ulendo wa panja liwiro. Galu sanadikire nthochi. Zonse zinathera m'jekete, zina m'thumba, zina mpaka mu nsapato. Koma pansi, ngakhale kadontho!

Amayi anayesetsa kufika mzere wachitatu, koma wina anaphulika ndi chiseko, onse n'kugwerana. Nyimbo inathera pomwepo. A Enifa anagwada n'kupapasa dothi ndi chikhatho, uku ndi uku. Linali louma. Madzulo ake anawatenthetsera amuna awo madzi osamba.

Patapita milungu iwiri kunabwera uthenga woti bwana wina ku Limbe akufuna kuki. A Tobias anasita jekete, n'kukwera basi ya m'mamawa kukaonekera. Anagona komweko, n'kubwerera mawa lake masana, nkhope ili yowala: ntchito yapezeka, ayambe pa 1 mwezi wamawa.

Anapeza a Enifa ali panthochi, thukuta kamukamu, galu ali chiimire patsogolo pawo, mimba ili ndi, maso ali mwaa. Chichokere a Tobias, galuyo sanachite kalikonse, m'nyumba ayi, panja ayi. Ankangolira n'kumayang'ana kumsewu. A Enifa anali atamuimbira nyimboyo ndi pakamwa, mavesi onse, galu osatekeseka. Mluzu sakanaimba, munthu wamayi amaimba mluzu ngati mnyamata woweta ng'ombe? Anaitana a Henderson, koma mluzu wa a Henderson unangomuuwitsa.

A Tobias anaika chipewa pansi n'kusongola milomo. Bisiketi anazungulira kawiri, ndipo anatenga nthawi yaitali moti nyimbo anaibwereza katatu.

"Ndiye ku Limbeko?" anafunsa a Enifa.

"Akuti galu salola," anayankha a Tobias, akukanda m'mutu. Anayang'ana kagaluko, kali kupukusa mchira pamapazi awo. "Angaphulike ameneyu. Sindipita."

Sanapitedi. Anakhala pa Malemia mpaka ukalamba, akulima chimanga ndi nandolo, ndipo masiku a chikondwerero ankaphika masikono amene anthu a ku Domasi amawakumbukabe. Koma tsiku limenelo, panthochi paja, a Enifa anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, ndipo misozi inapitirira kuseka kutatha.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkakupemphani kuti mukhale pakhomo," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinabereka ndekha, ndinaika mwana m'manda ndekha, munkati bwana salola. Lero mwakhalira chikhodzodzo cha galu. Chabwino, bambo a Iness. Ndalandira."