Mpala wa ku Hatta

Mabel Chimphepo, amene Amalawi a ku Dubai amamuitana kuti Amake Tiwale, ndi mayi woti mukakumana naye m'sitima ya Metro simungacheuke kawiri. Wamfupi, duku kumutu, maso pansi. Kwawo ndi ku Nambuma. Anabwera kuno mwana wake mmodzi yekhayo, Tiwale, ali Sitandade 5, atamusiya m'manja mwa mkulu wake, a Stellah. Iye n'kuyamba kulera ana a eni m'nyumba ina yam'mwamba ku Jumeirah Village Circle: kuchapa, kusita, kukolopa, kuthamangitsana ndi tiana tiwiri tosamva kamodzi. Ukamufunsa chomwe anasiyira kwawo, sankazungulira. Ankati mwana wake asadzavutike ndi moyo wakutchire ngati iye.

Ndiye tamvani zomwe anachita korona. Tiwale atakhoza bwino Fomu 4, bungwe lina linamusankha kuti akaphunzire ku Canada. Koma njira zinali zotseka, mapepala akuchedwa, ndipo bungwelo linati podikirapo ophunzira onse akakhale kaye teremu yathunthu kumapiri a ku Hatta, konkuno ku Dubai. Mabel atamva anavina m'khitchini ndi chokolopera m'manja. M'mutu mwake ankaona hositelo ya magalasi ndi mabedi a matiresi.

Zithunzi zitayamba kufika, anagwira pakamwa. Matenti! Mwana wasenza chikwama chachikulu kuposa iye mwini, akukwera phiri la miyala yokhayokha. Akuphika pa mafuwa. Madzi akutunga m'zigubu. Chimbudzi akukumba okha.

"Ati ndi maphunziro," anadandaula kwa Rose, mnzake wa ku Chipata amene ankalera ana pa nyumba yoyandikana nayo. Ankakumana pansi, pabwalo losewerera ana, aliyense masiki kukamwa. "Ati ana a anthu olemera amachita kulipira kuti akagone pansi. Aaa, koma dziko ili! Ndikanadziwa ndikanangomusiya ku Nambuma, kumeneko n'zaulere."

Rose anaseka mpaka masiki kutsika. "Manje mufuna bwanji, Amake Tiwale? Ndeke ikabwera ayenda. Khalas, nkhani yatha."

Chomupweteka kwenikweni chinali china. Mwana ali pafupi, ulendo wa basi basi, koma kukamuona ayi. Kumsasako alendo sankaloledwa, mafoni ankawasungira n'kumawapatsa Lachisanu lokha. Nayenso Mabel, Madamu amene ankawagwirira ntchito anali atamuletsa kutuluka ngakhale pa ofu, poopa kuti angabweretse matenda m'nyumba.

Kumapeto kwa Januwale wa 2021, pomwe kumudzi korona anali atalusa ndipo pa foni pankangoyenda zithunzi za omwalira, kunabwera chithunzi china. Ophunzira aima pamwamba pa phiri, akumwetulira. Mabel anafunafuna mangongo a mwana wake, osawaona. Atakulitsa chithunzicho ndi zala, anangoti pansi khwaa pafupi ndi makina ochapira.

Tiwale anali atameta mpala. Osati tsitsi lalifupi la kusukulu lija, ayi. Mpala weniweni, wa lezala.

Mtsikana ameneyu anadikira zaka zonse za sukulu kuti adzasunge tsitsi, ndipo atamaliza mayeso sankalola munthu kuligwira. Komanso kwawo kwa Mabel mpala wotere suchitika chabe. Umametedwa maliro akachitika, pa tsiku la kumeta, achibale atasonkhana. Mwana wa ku Nambuma sangalakwitse zimenezo.

Anaimbira mchimwene wake kumudzi, a Dunstan.

"Kuno tonse tili bwino, mvula yokha ndiye yanyanya," anatero a Dunstan.

"Nanga achemwali? Foni yawo sikupezeka."

"Inagwera m'madzi. Panopa ali kumunda, akubandira."

"Akabwera andiimbire pa yanuyi."

"Netiweki, Mabel. Ukudziwa kale netiweki ya kuno."

Ife Amalawi timadziwana. Munthu wakutali sitimuuza maliro mwachindunji. Timati wodwala wafooka, bwerani, pomwe manda akumba kale. Ndipo ngati munthuyo sangathe kubwera, timangotseka pakamwa tonse, mudzi wathunthu, n'kumati tikumuchitira chifundo. Chifundo chanji chimenecho! Mabel ankazidziwa bwino zonsezi, n'chifukwa chake mawu ofewa a a Dunstan anamuopsa kuposa kukuwa.

Rose anati ana a masiku ano amameta poti ndi fasho. Madamu ataona chithunzicho anati mwanayo waoneka bwino, ngati wa pa TV. Lachisanu litafika, Tiwale anayankha uthenga wa mayi ake ndi mzere umodzi: "Madzi ndi ovuta kuno amayi, tsitsi limasunga mchenga." Zinali zomveka ndithu. Mabel anayesa kukhulupirira, koma zinakanika. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi wa bwana.

Mabel, mayi amene zaka zonsezi sanapemphepo kanthu, anakaima pakhomo la chipinda chochezera.

"Madamu, Lachisanu likubwerali ndikupita ku Hatta."

Sanati ndikupempha. Madamu anati ayezetse korona popita, ndipo akabwerako adzadzitsekere m'kachipinda kake mpaka adzayezetsenso. Madamuwo anaimbanso okha foni kumsasako. Mkulu wa kumeneko anavomera monyinyirika, ndi lamulo limodzi: aonane pachingwe cha kumalire, atatalikirana, osakhudzana. Mapepala a ku Canada anali atatuluka tsopano, ndipo wophunzira aliyense wokhudzana ndi munthu wakunja akanapatulidwa, anzake n'kunyamuka iye atatsala.

Basi inamusiya m'tauni ya Hatta, kagalimoto ka kumsasa n'kumufikitsa pomwe msewu unathera. Kunali zii. Mapiri akuda opanda mtengo, dzuwa lili phwee, kamphepo kozizira. Chingwe cha buluu chinamangidwa pa zitsulo ziwiri, ndipo chapatali panaima mkulu wa pamsasa uja, mzungu wamtali wa ndevu, manja kumbuyo.

Kenaka anaona Tiwale akutsika m'njira ya miyala. Kumudzi Mabel anasiya kamwana ka mano otuluka, uyu anali mayi wathunthu, wamtali kuposa iye, wakuda bii ndi dzuwa, chipewa kumutu, nsapato zazikulu ngati za msilikali. Kayendedwe kokha ndi komwe sikanasinthe.

Tiwale anaima patali ndi chingwe, nagwada pamiyala paja. Kugwada ndi ulemu, mwana aliyense woleredwa bwino amatero. Koma uyu sanapereke moni. Anavula chipewa, nachiika pansi, nawerama.

Mabel anamva mawu ake omwe akutuluka ngati a munthu wina.

"Ndani?"

"Amayi aakulu."

Mayo ine! A Stellah. Mkulu wake amene anamubereka kumbuyo ali khanda, amene analera Tiwale ngati womubala yekha osawerengera.

"Liti?"

"Chaka chitangoyamba. Anayamba ndi chifuwa, sanagone nthawi. Anawaika tsiku lomwelo, anthu a zovala zoyera aja. Sanawasambitse, amayi. Palibe anaona nkhope." Tiwale ankayankhula akuyang'ana miyala. "Amalume anandiuza pa foni. Anati inu ndisakuuzeni, mungasiye ntchito, ndipo ngakhale mutapita simukapeza kanthu. Kumudzi sanamete n'komwe, misonkhano inaletsedwa."

"Nanga iwe anakumeta ndani?"

"Kuno aliyense amamutumiza kukakhala yekha kuchigwa masiku angapo, ati ukadzimvetsere. Anzanga anatenga mabuku. Ine ndinabwereka lezala. Ndinalibe wondimeta, amayi, ndinadzimeta ndekha, popanda galasi."

Mabel anaona tizipsera kuseri kwa khutu, pomwe lezala linaphonya. Ukali unamukwera limodzi ndi chisoni.

"Ndiye n'kumandinamiza za mchenga? Ine mayi ako?"

Apa Tiwale anadzutsa mutu. Masiki inali itanyowa yonse.

"Anandiletsa kunena. Sanandiletse kutumiza chithunzi."

Mabel anagwira chitsulo cha chingwe chija. Kulira kunatuluka kokha, kulira kwa kwathu kwenikweni, kotchula dzina, ndipo mapiri aja anakubweza. Mzungu uja anadzidzimuka, nasuntha phazi, osadziwa kolowera. Tiwale anadzuka, manja atatambasula, nayamba kuthamangira kuchingwe.

"Ima pomwepo!"

Mabel sanakuwirepo munthu chotero, ngakhale tiana ta Madamu. Manja ake omwe anali m'mwamba kale, akufuna mwana, koma anawabweza pachifuwa, nabwerera m'mbuyo yekha.

"Ima, mwana wanga. Achemwali sanakulerere kuti ndeke idzakusiye chifukwa cha ine. Khala pansi."

Tiwale anakhala pansi tsidya lake. Mabel anavula nsapato, namanga chitenje m'chiuno, nakhala pansi tsidya lino, miyendo atatambalala monga amakhalira amayi pa siwa. Anayambitsa nyimbo ya maliro ya kutchalitchi kwawo, ndipo mwana anailandira kuchokera uko.