Chikwanje chimene chinakana kubuntha

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira. Tinkakhala kufupi ndi Ndunde, pamudzi pa akuchikazi, ndipo ababa anali mkamwini wochokera kuseri kwa Milepa. Kwathuko mkazi akamwalira mwamuna amasudzulidwa, amatenga zovala zake n'kubwerera kwawo. Ana, nyumba ndi munda zimatsala.

Titakolola, amalume, achimwene awo a amayi, anaitana ababa pakhonde. Ine ndinali pafupi ndi nkhokwe ndikutongola chimanga, ndiye ndinamva zonse.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Takumasulani."

"Ndamva, alamu," anatero ababa. "Koma chikwanje cha pakhomo pano chinatha. Ndiloleni ndimusiyire Elube chabwino, kuti iye ndi mlongo wake asamakapemphe nkhuni m'makomo. Chikangopezeka, ndinyamuka."

Elubeyo ndine. Amalume anavomera msanga, poyesa kuti ndi nkhani ya mawa ndi mkuja.

Kutsidya kwa dambo kunali bambo wina wosula zitsulo, amene ankapanga zikwanje ndi masipuling'i a galimoto zakufa. Ababa ankapita kukamupopera mvukuto, n'kubwerako ndi chikwanje chatsopano chonunkha makala, chigwiriro chake chokulungidwa ndi mphira. Ankachinola pamwala wa kuseri kwa nyumba mpaka chimete ubweya wa pamkono. Akatero ankandipatsa ine, chifukwa ati mwini chikwanje ndi amene ayenera kuchiyesa.

Mayeso ake anali osasintha. Tinkayamba ndi thunthu la nthochi, limene ngakhale chitsulo chobuntha chimadula. Kenako nsungwi youma, imene imabweza dzanja ukaitema mwamantha. Kenako gwafa. Pomaliza chitsa cha bulugamu chimene chinali kumapeto kwa munda, chouma gwa, chodzaza mfundo. Ndikamaliza, ababa ankaloza chikwanjecho kudzuwa n'kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana ngati kukamwa kwake kwapindika kapena kwabenthuka.

Choyamba chinapindika pagwafa pomwe, ndipo ndinaona ndekha. Chachiwiri chinauma mopitirira, chinabenthuka pamfundo, kachidutswa n'kundilasa pamwendo. Izi zinali zolakwika zenizeni. Koma zotsatirazo, ine ndinasowa pogwira. China ati chalemera kumutu. China anachigogoda ndi chikhadabo, nachiika kukhutu, ati kulira kwake si kwabwino. China chinadutsa mayeso onse bwinobwino, ababa n'kuchilanda, kutema nacho okha pansi penipeni pa chitsa pamene panali miyala, kenako n'kundionetsa: "Waona? N'chachabe."

Manja anga anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, pansi pake panatuluka ena. Ndikagwira mchere pophika ndinkalira ndekha m'khitchini. Kunena zoona ndinkawada ababa masiku amenewo. Ndinkati munthu wanji ameneyu, amayi angopita kumene iye n'kumandizunza ndi chitsa. Ndiponso mumtima ndinatsimikiza kuti vuto si zikwanje koma ine, kuti akuona kuti ndine wofooka, sindingathe kusunga pakhomo. Ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzawaonetsa.

Chilimwe chinafika, mapiri anayamba kuoneka mwautsi, anthu anayamba kusosa. Pachitsime azimayi ankanong'onezana ine ndili pomwepo, ati mkamwini uja akukakamira munda wa malemu. Wosula uja naye anatopa. Tsiku lina anabwera yekha ndi chikwanje chokulunga m'chiguduli, nachiponya pakhonde.

"Ichi ndachiphika ndi mtima wanga wonse. Mukachibwezanso, kasuleni nokha."

Amalume anamva, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi kampando kawo kudzakhala m'munda. Sanalankhule zambiri. Anangoti lero aonerera nawo.

Chikwanje chimenecho chinali china ndithu. Chinandikwana m'dzanja ngati ndinabadwa nacho. Nthochi inagwa ndisanamve n'komwe kuti ndatema. Nsungwi inaduka mosaphwanyika, podukapo pali see. Gwafa anangolira kawiri. Nditafika pachitsa ndinamanga chitenje molimba, ndinaluma mano, n'kuyamba kutema pamfundo penipeni. Zibanthu zinkauluka, thukuta linkalowa m'maso, magazi a m'matuza anatsikira pamphira. Sindinaleke mpaka mbali yonse ya chitsa inang'ambika n'kugwa.

Ababa anachitenga, nachiloza kudzuwa. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Chayesetsa," anatero motsitsa mawu. "Koma chitsulo chimaoneka bwino chikagona. Tichiyesenso mawa."

Apa mtima wanga unaphulika. Miyezi yonse ija, manja onse aja, lero ndapambana pamaso pa anthu, iwo akuti mawa? Ndinawatsomphola chikwanjecho, ndinathamangira kwa amalume, ndinatambasula mkono wanga n'kupalapo. Ubweya unagwa ngati chachoka pamwala pompano.

"Amalume, taonani nokha. Sichinabunthe, sichinabenthuke. Ababa akungokana dala."

Ndinatembenuka monyada, ndikudikira kuti ababa aseke. Anali ataima chomwecho, manja ali lende, akuyang'ana chitsa. Amalume anayendetsa chala pachikwanjecho, nadzuka, nanyamula kampando kawo.

"Alamu, mwana wanena."

"Wanenadi," anayankha ababa. Kenako anandiyang'ana. "Wagwira ntchito, mwanawe. Pita ukatsuke manjawo."

Ababa ananyamuka m'mawa mwake. Anatenga bulangete, jekete limene anabwera nalo ku Joni, ndi khasu lawo. Mlongo wanga Dayisoni anali ndi zaka zinayi. Anawatsatira mpaka padambo akulira, ine n'kukamubweza pomukoka. Kwawo kwa ababa sikunali kutali kwenikweni, koma mwamuna wosudzulidwa sayendayenda pamudzi pa eni. Ankabwera pakagwa maliro, kukhala kumbali ngati mlendo, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Dayisoni anakula akuwapatsa moni wa anthu odutsa.

Chikwanjecho chinatisunga, sindingachinenere zoipa. Chinadula nkhuni zathu zonse, mapesi a nandolo, milimo ya denga, mpaka ine kukwatiwa.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse. Ababa anali munthu wodziwa chitsulo, ndipo chikwanje chabwino anali atachipeza kalekale. Mkamwini analibe mawu oti anene pamaso pa alamu ake kuti sakufuna kusiya ana ake. Mawu amene anali nawo anali akuti chalemera, chabenthuka, tiyesenso mawa. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi, wosula ankadziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti amalume nawonso akanalola mawa limodzi lina. Amene sankadziwa ndinali ine ndekha. Kuyambira pamenepo, munthu akamakana chinthu chooneka bwino pa zifukwa zosamveka, sindifulumira kumutsutsa. Ndimayamba ndafunsa kuti akavomera, ataya chiyani.