Ndinkayesa ndi penti wa zikhadabo za madamu

Linali Lachinayi, 4 koloko madzulo, pamene ndinalakwira bambo a mwana wanga chifukwa cha nsanje.

Timakhala m'kanyumba kakuseri kwa nyumba ya abwana a amuna anga ku Area 14. Amuna anga amayendetsa galimoto ya mayi wina wamasiye, amene ali ndi munda kunja kwa tauni komanso mfuti yachilolezo yoombera nguluwe. Mayiwa ndi ophunzira, amanunkhira bwino, ndipo akamaseka ndi amuna anga m'Chingerezi ine ndimangoyang'ana pansi. Sukulu ndinalekezera sitandade 5.

Tsikulo ndikuchapa, ndinapeza kabotolo m'thumba la buluku lawo. Nditadontheza pachala, munatuluka zabuluu. Mtima unandiuza kuti ndi penti wa zikhadabo, awagulira madamuwo ku Old Town, chikhalirecho ine sanandigulirepo ngakhale ndolo. Zolemba zake sindinathe kuwerenga, ndipo kufunsa ndinachita manyazi. Ndinakhuthulira zonse m'ngalande, n'kuthiramo madzi osakaniza ndi inki, kuti akachite manyazi popereka.

Inu owerenga, sanali penti. Anali mankhwala omwe amadontheza pa timabawuti tomangira galasi loonera patali pamwamba pa mfuti ya madamu, kuti tisamasuke mfuti ikamagunda poomba. Lachisanu ndinawaona amuna anga pakhonde akupukuta kabawuti kalikonse, n'kudonthezapo madzi anga aja, n'kumanga mosamala. Anadandaula kuti mankhwala a masiku ano ndi amadzimadzi. Ndinazindikira zomwe ndachita, koma ndinawabisira.

Lamlungu amuna anga ndi madamu anapita kumunda. Ataomba kangapo poyesa, timabawuti tinamasuka, galasi linapendekeka. Madamu ataloza nguluwe n'kuomba, chipolopolo chinakaboola thanki yamadzi, pafupi ndi pomwe mayi wina waganyu ankatsuka makasu.

Amuna anga anabwera madzulo. Anandiuza kuti madamu akuwanena kuti anadya ndalama n'kugula mankhwala achinyengo, ndiye mwezi ukatha tichoke, ntchito ndi nyumba yomwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Amake Tadala, ine sindinabepo chiyambire. Tipita kuti ndi mwanayu?”

Azimayi anzanga, chimene simukuchidziwa m'thumba la mwamuna, funsani. Manyazi a kufunsa ndi aang'ono. Ine ndikanaphetsa munthu wosalakwa.

M'mawa mwake ndinabereka Tadala, ndinatenga kabotolo kaja, n'kukagogoda pakhomo la kukhitchini kwa madamu. Madamu atatsegula ndinagwada n'kunena kuti, “Mayi, musawachotse. Zija ndinachita ndine.”