Simbi ya amayi m'bokosi lagalasi

Ndinaikana simbi ya amayi anga pamaso pa anthu, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimangodzikanda m'mutu.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Chingerezi pa yunivesite ina ku China. Loweruka lina ophunzira anga ananditengera ku myuziyamu, kosungira zinthu zakale za m'tauni mwawo. Tikuyendayenda, ndinangoona simbi ya makala ili m'bokosi lagalasi, ataiyatsira getsi ngati chinthu chopatulika. Inali ndendende ya kwathu ku Kachebere, ndi katambala kake kotsekera komwe.

Mtsikana wina anandifunsa, "Aphunzitsi, kwanu zimenezi zinaliko?"

Ndinawerama n'kuiyang'anitsitsa ngati sindinaionepo. "Ndimangomva kuti makolo akale ankasitira zotere," ndinatero. Chonsecho malaya amene ndinavala tsikulo anali ndi kabowo kumsana, kootchedwa ndi khala la m'simbi ya amayi.

Patchuthi ndinabwera kumudzi. M'mawa wina ophunzira aja anandiimbira foni ya vidiyo, ati aone Malawi. Ndinasankha poima bwinobwino, kumbuyo kuzioneka mtengo wa mango basi. Ndili mkati mowafotokozera za mapiri a Mchinji, amayi anatulukira kumbuyo kwanga akupukusa simbi kuti makala ayake, utsi uli tolotolo.

"Aphunzitsi," anatero mtsikana uja, "kodi muli ku myuziyamu?"

Ndinati netiweki ya kuno imathawira ku Zambia, n'kudula foni.

Amayi Chingerezicho sanachimve. Anangoti, "Iwe, vula malayawo ndikusitire. Anzakowo angamayese ulibe mayi."