Jombo za a Elson

Ine pagulu mawu amandithawa, ndiye nkhaniyi ndangoilemba. Ndi ya anthu a kwathu ku Likhubula, ndipo ndikufuna ifike kwa inu amene mukuona ngati zonse zatha.

Tsiku limene a Esteri analowa m'chipinda cha odwala mwakayakaya ku chipatala chachikulu ku Blantyre, anapeza amuna awo, a Elson, ali gone ngati chipika. Paipi inali kukamwa, makina ndi amene ankawapumira. Maso sankaphethira. Ukawatsina, zii.

Awa ndi a Elson omwe ankasenza zikwama za alendo kukwera nazo phiri mpaka ku Chambe, n'kutsika akuimba mluzu. Matendawo anayamba ngati masewera. Anatsegula m'mimba, n'kuchira. Kenako mapazi anachita dzanzi, miyendo inakana, manja anatsatira, mpaka chifuwa chinasiya kukoka mpweya.

Akulu awo a Elson, a Moffat, atawaona anapukusa mutu n'kutuluka kukaimba foni kumudzi. Kumeneko anthu sanachedwe. Anatulutsa mipando m'nyumba, n'kuika masamba pamsewu kuti odutsa adziwe kuti pagwa zovuta.

"Mlamu, tisamuzunze mwanayu," anatero a Moffat atabwerera. "Wapita kale. Chikupuma apa ndi chitsulochi. Azimitse, tikamuike mwaulemu."

A Esteri anayandikira bedi. Anangogwira phazi la amuna awo. Linali lofunda.

Adokotala, mayi wodekha wa magalasi, anawakhazika pansi onse awiri.

"Sindikubisirani," anatero. "Ndawaunika ndi tochi m'maso, ndakhudza diso ndi thonje, ndawathira madzi ozizira m'khutu. Palibe chimene ayankha. Munthu amene ubongo wake wafa amaoneka chonchi ndithu. Koma sitinena kuti ubongo wafa tisanadziwe chomwe chaupha. Awa sanagwe pathanthwe, ndipo mutu taujambula, uli bwino. Matendawa ayambira kumapazi. Ndikukayikira mitsempha imene imanyamula uthenga kuchoka ku ubongo kupita m'thupi. Mawa tiyeza ubongo weniweniwo. Ukapezeka uli zii, za makinawa tikambirana."

Mawu akuti mawa anawalemera a Esteri kuposa mtolo wa nkhuni.

Tsono a Elson anali ndi chinthu chimodzi chomwe sankabwereketsa: jombo zachikopa zimene mlendo wina anawasiyira. Ankazipukuta Lamlungu lililonse asanasambe n'komwe. A Moffat anazipempha zaka ndi zaka, osaphula kanthu.

Masana omwewo, ataima pambali pa bedi, a Moffat anayamba kukonza za mtsogolo, poti kwa iwo maliro anali atachitika kale.

"Zovala tidzagawana abale pambuyo pa maliro, monga timachitira. Koma jombo zija, mlamu, nditenga ine. Phazi lathu ndi limodzi."

Makina owerenga kugunda kwa mtima, omwe ankalira pang'onopang'ono, anayamba kuthamanga. Pi-pi-pi-pi! Patapita kanthawi anabwerera mwakale.

A Esteri anadzuka pampando. "Alamu, tabwerezani."

"Ndibwereze chiyani?"

"Za jombozo."

"Ndati jombo nditenga ine. Nanga pali cholakwika?"

Pi-pi-pi-pi!

A Esteri anaseka misozi ikutsika. Anawerama pafupi ndi khutu la amuna awo. "Bambo a Kondi, mukumva eti? Mpaka pano kuumira kwanu kuja simunasiye!"

Adokotala ataitanidwa anamvetsera bwinobwino, koma sanafulumire kusangalala. "Pa matenda otere mtima umatha kudumpha wokha. Tisadalire zimenezi. Komabe muziwayankhula ngati akumva."

M'mawa mwake anawamata a Elson timawaya pamutu. Mizere ya pakompyuta inkavina ngati ya munthu amene ali maso, ndipo a Esteri akaitana dzina lawo inkasintha.

"Ubongo uli moyo," anatero adokotala. "Matendawa dzina lake ndi Guillain-Barré. Atsekera munthu mkati mwa thupi lake lomwe. Mitsempha imatha kuchira, koma imachira mochedwa. Kodi mupirira?"

"Ndinakwatiwa ndi wokwera phiri," anayankha a Esteri. "Kudikira ndinazolowera."

A Moffat anatuluka mwakachetechete, n'kuimbanso foni. "Chotsani masamba aja. Mipando bwezerani m'nyumba."

Musaganize kuti zinatha pomwepo. Masabata anadutsa popanda chosintha. A Esteri ankagona pasimenti pamalo a odikirira odwala. Kukacha ankathandizana ndi anamwino kuwatembenuza amuna awo kuti asachite zilonda, kuwapinda mawondo, kuwawongola zala. Ankawauza zonse: kuti Kondi, mwana wawo, wayamba kukwawa, kuti mbuzi ya aneba yadya nandolo. Masiku ena ankathawira kuseri kwa chipinda n'kulira, kenako n'kusamba kumaso kuti mawu asamveke achisoni.

Tsiku lina chikope chinagwedera. Kenako chala. Kenako chifuwa chinayamba kulimbana ndi makina, chikufuna kupuma chokha. Atachotsa paipi, mawu oyamba anatuluka okanda ngati a khwangwala:

"Achimwene... jombo zanga."

Anamwino anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Moffat anaphimba nkhope ndi chipewa.

Pambuyo pake a Elson anawauza akazi awo motsitsa mawu: "Ndinkamva zonse, mayi a Kondi. Ndinkakuwa mkatimu, koma pakamwa osatseguka. Chinkandisunga ndi mawu anu m'mawa uliwonse. Ndinkati, awa sanandiike m'manda, ine ndidziikirenji?"

Kumudzi anabwera pa njinga ya olumala, miyendo itaonda ngati bango. Anaphunzira kuyenda limodzi ndi Kondi. Onse awiri ankagwira khoma, onse awiri ankagwa. Kondi ndi amene anayamba kuyenda, ndipo anzawo osenza katundu sanawasiye: "Akulu, mwapitiriridwa ndi wa thewera!" A Elson ankaseka, n'kudzukanso.

Chaka chinatha, china chinayamba. M'mawa wina wa m'chilimwe anavala jombo zija, n'kuyamba njira ya ku Chambe. Chikwama anasenza ndi a Moffat, atavala nsapato zawo zong'ambika. Anapuma malo ambiri, koma anafika.

Atatsika, a Esteri akuwachingamira pa Likhubula, a Elson anakhala pamwala n'kumasula zingwe. Anatenga jombozo ndi manja awiri.

"Achimwene, landirani. Za malemu zinakukanikani. Izi akukupatsani wamoyo."

A Moffat anazilandira. A Elson anayenda chosavala mpaka kunyumba, akumva kamwala kalikonse kuphazi, ndipo akuti sanamvepo kukoma ngati kumeneko.

Inu amene muli ndi wodwala amene sakuyankha, musamalankhule pambali pake ngati palibe munthu. Funsani adokotala, alekeni ayeze mpaka atsimikize, ndipo wanuyo muzimuyankhula. Nanunso amene moyo wakutsekerani mkati, anthu n'kuyamba kugawana zanu mukadali moyo, gwedezani kaye chikope. Phiri lidzabwera pambuyo. Osataya mtima.